Rauta ziwiri, adilesi imodzi: 192.168.1.1 ikubweretsa masamba awiri

Wa ku Area 25:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili kwa kasitomala ku Area 47 kuyambira 9 koloko m'mawa. Nyumba ndi yaikulu, rauta ina ili pabalaza, ina kuseri ku boyizi kota, zolumikizidwa ndi chingwe chodutsa m'siling'i. Intaneti ikumadukaduka, ndiponso akufuna ndisinthe pasiwedi ya Wi-Fi poti aneba anaidziwa. Ndikalemba 192.168.1.1, adilesi yolowera mu rauta, tsamba likubwera, koma pasiwedi ya pa sitika ya pansi pa rauta ikukana. Ndikadikira pang'ono n'kuyesanso, likubwera tsamba lina losiyana maonekedwe. Mayi a nyumba akhala pompano akudikira, ana awo ali ndi kalasi ya pa intaneti masana ano. Ndingodina reset?

Wa ku Ndirande:
Achimwene, ngati muli pa foni zimitsani kaye data. Foni ikaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti imathawira ku data, adilesiyo osafikanso pa rauta. Komanso mwatsimikiza kuti adilesi yake ndi imeneyo? Zambiri za TP-Link zimabwera pa 192.168.0.1, ma MiFi a Huawei pa 192.168.8.1, MikroTik pa 192.168.88.1.

Wa ku Area 25:
Ndili pa laputopu. Ndalemba ipconfig, Default Gateway (khomo lotulukira ku intaneti) ndi 192.168.1.1, ineyo ndapatsidwa 192.168.1.104.

Mkulu wa ku Zomba:
Reset musaikhudze kaye, chonde. Ya pabalazayo ngati ndi yochokera ku kampani ya intaneti, muli zoikika za PPPoE kapena APN zoilumikiza ku kampaniyo. Mukazifufuta lero Loweruka, banjali likhoza kukhala opanda intaneti mpaka Lolemba. Mfundo yaikulu mwaitchula kale nokha: tsamba likusinthasintha. Pitani kuseriko mukaone chingwe chalowa pati, pa WAN (doko lolandirira intaneti) kapena pa LAN (madoko a zipangizo za m'nyumba). Kenako lembani arp -a, muone physical address ya 192.168.1.1, muyerekeze ndi MAC (nambala yozindikirira chipangizo chilichonse) ya pa sitika za rauta ziwirizo. Pakapita mphindi zingapo bwerezaninso.

Wa ku Area 25:
Chalowa pa LAN, bwana, pa doko lachikasu. Za arp mwalasa. Koyamba inabwera MAC ya yakuseri, panopa yabwera ya pabalaza.

Mkulu wa ku Zomba:
Vuto ndi limenelo. Amene anaika yakuseriyo anangoitulutsa m'katoni n'kulumikiza. Zonse ziwiri zikuyankha kuti ndine 192.168.1.1, ndipo zonse zikugawa ma IP. Foni ikafunsa kuti khomo lotulukira lili kuti, n'kuyamba kuyankha yakuseri, intaneti imafa pomwepo chifukwa pa WAN pake palibe kanthu. Pasiwedi imakana chifukwa mumalemba ya pabalaza pa tsamba la yakuseri.

Zulani chingwe chochokera pabalaza. Zimitsani Wi-Fi ya laputopu, mulumikize ndi chingwe chachifupi pa yakuseriyo yokha. Imeneyo reset mukhoza kudina ngati pasiwedi yake sikudziwika, mulibe chotayika: kanikizani ndi kawaya pafupifupi masekondi 10 ili choyaka. Mukalowa, sinthani LAN IP yake ikhale 192.168.1.2, iyakenso, mulowere pa adilesi yatsopanoyo, ndiyeno muzimitse DHCP (yogawa ma IP ija), n'kubwezeretsa chingwe chija pa LAN. Tsatani ndondomeko yomweyi. Mukayamba ndi DHCP, laputopu ikhoza kusowa woipatsa IP, n'kudzipatsa yokha adilesi yoyamba ndi 169.254, n'kukusiyani panja. Zikatero musade nkhawa, ingodzipatsani IP pamanja, monga 192.168.1.50.

Mayi wa ku Mzuzu:
Ine ndikanangochotsa chingwecho pa LAN kuika pa WAN, yakuseriyo n'kuipatsa 192.168.2.1. Ntchito ya mphindi zisanu, DHCP osaikhudza n'komwe.

Mkulu wa ku Zomba:
Zimagwira ndithu, achemwali, nanenso ndimatero pamene kuseriko kuli anthu ochita lendi oti eni nyumba asamaone zipangizo zawo. Koma zimakhala netiweki ziwiri. Achimwene, m'nyumbamo muli pulinta kapena makamera?

Wa ku Area 25:
Pulinta ili kuseri komweko, bambo anasandutsako ofesi. Amasindikiza ali pabalaza.

Mayi wa ku Mzuzu:
Basi, tsatani za akuluwa. Mukachita zanga zija a pabalaza sadzaionanso pulintayo. Onaninso ngati yakuseriyo ili ndi Access Point Mode yoichititsa kungomwaza Wi-Fi osagawa ma IP, zambiri zatsopano zili nayo. Ndipo pa ya pabalaza muone kuti DHCP ikuyambira pati. Ngati ikuyambira pa .2, isuntheni iyambire pa .100 kuti foni ina isadzalandire adilesi ya rauta.

Wa ku Area 25:
Zatheka, akuluakulu! Nditangozula chingwe, pasiwedi ya pa sitika ya pabalaza inalowa kamodzi kokha. DHCP imayambiradi pa .2, ndaisuntha. Yakuseri ili pa 192.168.1.2, ndalemba ndi maka pa kapepala n'kumata pansi pake kuti wodzabwera pambuyo panga asadzavutike. Ping yoyesera intaneti kupita pa 8.8.8.8 yayenda mphindi 15 osaduka, pulinta yatulutsa tsamba. Pasiwedi ya Wi-Fi ndi ya admin ndasintha zonse, mayi azilemba m'kope mwawo. Dzina la Wi-Fi ndiike limodzi konsekonse?

Mkulu wa ku Zomba:
Limodzi, pasiwedinso imodzi, kuti foni izilumikiza yokha munthu akamachoka pabalaza kupita kuseri. Pa 2.4 GHz ya pabalaza muiike pa chanelo 1, yakuseri pa 11.