Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi: tanthauzo lake n'chiyani?

Wofunsa, Nkhotakota pa Boma: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi uwu ana a gulu la zisudzo akufuna ukhale mutu wa sewero lawo latsoka. Kodi ukuletsa kukondwa? Nanga amalondawo ndi ogula kapena ogulitsa?

Bambo a ku Mwansambo: Ndi ogula, mayi. Ndi aja amayenda m'makola kufuna mbuzi zokapha. Mbuzi yodumphadumpha ndi imene yakhuta, yanenepa, ubweya uli see. Wogula akafika pakhola amaloza yomweyo, yowonda amaisiya. Choncho chimene chikuikondweretsa ndi chomwecho chimene chikuiphetsa. Mwambiwu suletsa chimwemwe ayi, umachenjeza munthu amene zamuyendera mpaka waleka kuyang'ana kumbuyo.

Aphunzitsi a ku Dwangwa: Bambo afotokoza bwino, ndipo ana anuwo asankha mwanzeru. Mphamvu ya mwambiwu ili apa: mwini khola akudziwa, wogula akudziwa, mbuzi yokha ndiyo sikudziwa. Sewero latsoka limagwira mtima chimodzimodzi, oonera akamadziwa zimene mtengambali sakudziwa.

Onani sewero latsoka la Macbeth, lolembedwa ndi William Shakespeare. M'gawo 1, chionetsero 5, timamva Lady Macbeth, mkazi wa Macbeth, akukonza zoti mfumu Duncan asatuluke wamoyo m'nyumba mwawo. Chionetsero 6, Duncan akufika panyumbapo ku Inverness n'kuyamba kuyamikira malowo ndi kamphepo kake kabwino. Mbuzi ija ndi imeneyo. Mawu ake ndi wamba, koma oonera amamva kuwawa chifukwa amalonda awaona kale.

Pokonza, tsatani dongosolo lomwelo. Oonera aone amalonda poyamba, chimwemwe chibwere pambuyo. Mukasemphanitsa, anthu angodzidzimuka kamodzi basi, m'malo mokhala ndi mantha chionetsero chonse. Chimene chimaonongeka kawirikawiri ndi mwana wosewera mbali yonga ya Duncan: popeza iye akudziwa mathero, amalowa nkhope ili ndwii. Muuzeni aseke ndi mtima wonse. Ng'oma yachisoni isalire pamenepo, ndipo wofotokoza nkhani asalowepo kudzamasulira. Duncan akangolowa m'nyumba, bwalo likhale zii kwa kanthawi.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi. Ndiye n'chimodzimodzi ndi "tsoka silinunkha"?

Aphunzitsi a ku Dwangwa: Ayi mayi, musaiphatikize. Pa "tsoka silinunkha" palibe amene akudziwa, ngakhale oonera. Ngalawa yagubuduzika ndi mwera mwadzidzidzi, imeneyo ndi ngozi chabe. Koma oonera akaona msodzi wina akumasula thabwa la ngalawayo usiku, m'mawa mwini wake akukwera akuimba, mwambi wa mbuziwo wakwana.

Bambo a ku Mwansambo: Kuwonjezera pang'ono: mwambiwo aunene ndi nkhalamba koyambirira kwa sewero, kamodzi kokha, mwini nkhani n'kuuseka. Akaubwereza kumapeto ngati phunziro, ukoma wonse watha, pakuti oonera anaumva kale ndipo akhala akuudikira.