Nested PCR ya malungo: chubu cha madzi okha chikutulutsa mzere wa 205 bp

wa_labu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikuyeza Plasmodium falciparum m'madontho a magazi ouma pa pepala la Whatman 903. DNA tikuichotsa ndi Chelex (timikanda toyeretsera DNA), kenaka nested PCR ya Snounou, njira yochulukitsa DNA maulendo awiri: ma primer (tizidutswa ta DNA toyambitsira PCR) a rPLU5 ndi rPLU6 ulendo woyamba, rFAL1 ndi rFAL2 wachiwiri. Chubu cha madzi okha, chimene sichiyenera kuonetsa kanthu, chikuonetsa mzere wa 205 bp (kukula kwa chidutswa cha DNA ya falciparum) pa gel, pomwe masampulo ena odzaza ndi tizilombo pa maikulosikopu sakuonetsa kanthu. Tikufuna tikafike pa pfcrt, jini yosonyeza ngati tizilombo tikukana chloroquine. Tikuphonya pati?

chelex20:
Achimwene, awa ndi mavuto awiri osiyana. Ndiyankhe la masampulo osatulutsa mzere. Pamenepo kawirikawiri Taq, enzaimu yochulukitsa DNA mu PCR, imakhala yatsamwitsidwa, osati kuti DNA mulibe.

Dulani kachidutswa ka mamilimita 3, kamizeni mu 1 mL ya saponin (mankhwala oswa maselo a magazi) wa 0.5% mu PBS (madzi amchere a mu labu), kagone mufiriji pa madigiri 4. Mmawa tayani madzi ofiirawo, mutsukenso ndi PBS yekha kwa mphindi 30. Kapepalako kayere ndithu. Kakatsala kofiirira ndiye kuti heme, chimene chimafiiritsa magazi, ikadalipo, ndipo heme imalepheretsa Taq. Mukatero thirani 50 µL ya Chelex wa 20% ndi 150 µL ya madzi, muphike pa madigiri 95 kwa mphindi 10, mukukhutchumula pa vortex mphindi ziwiri zilizonse. Zunguzani pa centrifuge, musamutse madzi apamwamba okha, muwazunguzenso kachiwiri.

Ambiri amagwa pa kusamutsapo. Timikanda ta Chelex timagwira magnesium amene Taq imafuna, ndiye kamodzi kokha kakalowa m'chubu cha PCR kakhoza kupha zonse. Kulibwino kusiya madzi pang'ono pansi kusiyana ndi kufuna kutapa onse. Kuti mutsimikize, sungunulani DNA ya sampulo yokanayo 1:10 muyezenso. Mzere ukabwera, vuto linali chotsamwitsa.

mayi_wa_pcr:
Achelex20 anena zoona, koma ine chimene chikundidetsa nkhawa ndi chubu cha madzicho. Zikatero zotsatira zonse za tsikulo n'zotaya, ngakhale zooneka bwino. Musazilembe m'buku.

Nested PCR ndi yovuta pa ichi: mumatsegula machubu odzaza makope mamiliyoni a DNA kuti mutape 1 kapena 2 µL za ulendo wachiwiri. Kadontho kosaoneka ndi maso kakagwera pa gulovu kapena m'kamwa mwa pipeti, basi kalowa paliponse. Kuti mudziwe polowera, ikani machubu opanda magazi atatu: kapepala koyera kodulidwa ndi chodulira chomwecho, madzi oyambira ulendo woyamba, ndi madzi olowa ulendo wachiwiri wokha. Mzere ukaoneka pa kapepala pokha, ndi chodulira kapena mankhwala ochotsera DNA. Ukaoneka pa onse atatu, tayani madzi ndi ma primer amene mukugwiritsa ntchito, mutsegule atsopano.

Master mix (msanganizo wa mankhwala a PCR) muzikonzera chipinda chimene simulowa zotuluka mu PCR, chokhala ndi mapipeti ake ndi ma filter tip. Tebulo pukutani ndi jiki wosungunula 1:10, adikire mphindi 10. Spiriti amapha tizilombo koma DNA saiwononga, chonde musamudalire. Chodulira nachonso: jiki, madzi, chiume, mudule pepala loyera kangapo musanagwire sampulo ina.

wa_labu:
Zikomo kwambiri mayi. Gel timathiradi m'chipinda chomwe timakonzera master mix. Tisamutsa. Nanga pa pfcrt tisamale chiyani?

kafukufuku_bt:
Enzaimu ya ApoI imadula K76, mtundu umene umamva chloroquine, koma 76T, mtundu wokana chloroquine, imausiya wathunthu. Msampha uli pomwepo: enzaimu ikafooka, K76 yosadulidwa imaoneka ngati 76T, inu n'kulengeza kuti kukana mankhwala kwabwerera. Choncho gel iliyonse ikhale ndi DNA ya tizilombo ta mu labu todziwika kale: 3D7 (K76) ndi Dd2 (76T). 3D7 ikapanda kudukiratu, musawerenge.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu. Malawi inasiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba SP. Ku Blantyre 76T inatsika kuchoka pa 85% mu 1992 kufika pa 13% mu 2000, kenaka inasowa. Ndiye mukaipeza lero, bwerezani kuchokera pa dontho lina la magazi, muitumize ku sequencing, mufunsenso ngati wodwalayo anayenda kunja.

Poti LA ndiye mankhwala athu kuyambira 2007, sungani DNA yotsala pa madigiri -20 m'timachubu ting'onoting'ono, mudzayezenso kelch13, jini yosonyeza kukana artemisinin. Pa masinthidwe a jini imeneyi, R561H inapezeka kale ku Rwanda, C469Y ndi A675V ku Uganda. DNA ya Chelex imaonongeka msanga mukamaiumitsa n'kuisungunula kawirikawiri, choncho madontho otsala asungeni m'thumba lotseka bwino lokhala ndi silica gel.