Mayuniti a ku holo: kope kapena blockchain?

Wapampando: Abale, nkhani ya mayuniti a magetsi a ku holo yathu ya ku Chibavi yabukanso. Mwezi watha tinagula kawiri, onse atha, koma kope la msungichuma silikutiuza anadya ndani. Mwana wathu amene akuphunzira za magetsi ku Mzuni ali ndi maganizo. Tatifotokozerani, achimwene.

Mnyamata wa ku Luwinga: Zikomo bambo. Tiike kamita kena pambuyo pa mita ya ESCOM, kazitumiza pa intaneti mayuniti amene holo yadya ola lililonse. Manambalawo azilowa mu blockchain. Ameneyu ndi kaundula wosungidwa m'makompyuta ambiri nthawi imodzi, tsamba lililonse lomangirira ku linzake la m'mbuyo. Munthu akasintha nambala pa kope lake, makope enawo amamukana. Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, yakhala ikuyenda chonchi kuyambira 2009.

Msungichuma: Ndiye mukuti ine ndikuba?

Wapampando: Ayi mayi, palibe watchula dzina.

Agogo a ku Zolozolo: Mdzukulu wanga, ndifunse nawo. Tikagula mayuniti pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga umabwera ndi manambala 20 aja pamodzi ndi ndalama zake. Bwanji osangouponya muno aliyense aone?

Mnyamata wa ku Luwinga: Uthengawo umanena zimene tagula basi, agogo. Sunena kuti magetsiwo atha usiku kapena masana.

Mlembi: Apo wanena zoona. Koma ine mtima wanga uli kuseri kwa holo. Kwaya imayeserera kawiri pa sabata, ukwati umabwera mwa apo ndi apo, zimenezo sizingamalize mayuniti chonchi. Nanga anyamata ometa ndi ochajitsa mafoni aja, waya wawo umachokera kuti? Blockchainyo imasunga zimene kamita kaiuza. Wina akalambalala kamitako ndi waya, kaundulayo asunga nambala yabodza, ndipo ife tidzakhala tikuilumbirira poti safufutika. Komanso bandulo azigula ndani mwezi ndi mwezi? Thumba lathu lomweli lolephera kugula mababu?

Msungichuma: Ine mauthenga onse ndinasunga. Ndibwera nawo limodzi ndi kopelo, muwerenge nokha.

Mnyamata wa ku Luwinga: Kamitako kakhoza kugwira ntchito popanda blockchain, tizingowerenga tokha madzulo alionse.

Wapampando: Tiyambire pamenepo. Loweruka 9 koloko tonse ku holo, tikaone kaye waya wa kuseriyo. Achimwene, mutifunsire mtengo wa kamitako.

Agogo a ku Zolozolo: Wina adzanditenge pa Katoto. Ndipo mutenge majuzi, m'holomo mumazizira ngati panja.