Kodi nkhani ya Rama ndingaikambe ngati nthano?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Sitandade 6, ndipo Lachisanu lililonse timakhala pansi pa mtengo wa mango kukamba nthano. Sabata yatha mwana wina anandifunsa chifukwa chake amwenye ena ku Limbe amayatsa tinyali tambirimbiri pa chikondwerero chawo cha Diwali. Ndinangokanda m'mutu, n'kumulonjeza yankho.

Nditafufuza ndakumana ndi Ramayana, ndakatulo yakalekale ya m'chinenero cha Sanskrit. M'ndakatuloyi, Rama, mwana wa mfumu, anachotsedwa kwawo ku Ayodhya kwa zaka 14. Ali kunkhalango, Ravana, mfumu ya ku Lanka ya mitu 10, anamubera mkazi wake Sita. Amene anakamupeza ndi Hanuman wa mtundu wa anyani, yemwe anadumpha nyanja yonse. Apa pokha ndikudziwa kuti ana anga adzakuwa! Rama atabwerera kwawo, anthu anamulandira ndi nyali, ndipo n'zimene Ahindu ambiri amakumbukira pa Diwali.

Pandivuta ndi apa. Kwa Ahindu, Rama ndi mulungu Vishnu wobadwa ngati munthu, ndipo amamupembedza. Ndikayamba ndi "Padangokhala", ana n'kuvomera "Tilitonse" monga timachitira ndi Kalulu, sindikhala ndikupeputsa chipembedzo cha eni ake?

China, kumwera kwa India ambiri pa nyengoyi amakumbukira mulungu Krishna pogonjetsa chiwanda Narakasura. Ndikambe zonse ziwiri kapena ndiwasokoneza? Nanga pamene Sita analowa m'moto posonyeza kuti anadzisunga, ndidumphe?

Amene munakhalapo ndi anzathu achihindu, iwo amawakambira bwanji ana awo?