Makodi andichulukira mu OneNote: kafukufuku wa machenjezo a namondwe wa Freddy

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikulemba kafukufuku wa masters wokhudza momwe machenjezo anafikira anthu ku Mulanje ndi Phalombe nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Ndili ndi macheza a munthu mmodzimmodzi, zokambirana za m'magulu, ma screenshot a WhatsApp, zolengeza za DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) ndi za nthambi yoona zanyengo, komanso mapulogalamu a wailesi amene ndinajambula. Zonse ndinaziika mu OneNote, pulogalamu ya pakompyuta yosungiramo zolemba, ndipo ndakhala ndikuika ma tag, kapena kuti makodi (mawu achidule osonyeza zimene ndime ikukamba), powerenga. Pano ma tag achuluka moti ena ndikuwaiwala tanthauzo. Asupavaiza andifunsa kuti anthu amene anamva chenjezo kudzera kwa amfumu anachita zosiyana bwanji ndi amene anamva pa wailesi, ndangoti kakasi. Yankho lilimo, koma kulitulutsa kwandikanika.

aJere: Achemwali, OneNote sanaipangire ntchito imeneyi. Pezani NVivo kapena ATLAS.ti, mapulogalamu osanthulira macheza a kafukufuku; funso la asupavaizalo ndi la mphindi zochepa pamenepo.

Nachisale: Laisensi yake ndi ya madola, aJere, ndipo ndalama ya kafukufuku inathera ku mafuta a njinga zamoto.

Nabanda: Ilipo Taguette, yaulere, imagwira pa laputopu popanda intaneti. Komabe musathamangire kusamuka. Tatipatseniko ma tag angapo monga momwe munawalembera.

Nachisale: Awa: wailesi, mantha, amfumu, mphekesera, sanasamuke, DoDMA, usiku, kolera, kukhulupirira, chenjezo lochedwa.

Nabanda: Vuto ndi limenelo, ndipo ngakhale mutagula NVivo lero mulipeza komweko. Mwathira nyemba, chimanga ndi mtedza m'thumba limodzi. "Wailesi" ndi njira imene uthenga unadzera. "DoDMA" ndi mwini uthenga. "Amfumu" akhoza kukhala mwini uthenga kapena njira chabe, malinga ndi nkhaniyo. "Mantha" ndi momwe womvayo anamvera mumtima, "sanasamuke" ndi zimene anachita, pomwe "chenjezo lochedwa" ndi chigamulo chanu inu wofufuza. Agaweni m'mabanja: mwini uthenga, njira, zimene uthengawo unanena, nthawi, ndi zimene munthu anachita. Ndime iliyonse yokamba za chenjezo ilandire kodi imodzi kuchokera ku banja lililonse ngati zikutheka. Mukatero funso la asupavaiza likhala longophatikiza mabanja awiri.

Ndipo makodiwo muziwalemba ngati mawu kumapeto kwa ndime, musadalire tizizindikiro ta OneNote tija. Kodi iliyonse ikhale liwu limodzi lomwe silipezeka m'zolankhula za anthu, monga njWailesi, njMfumu, njWhatsApp, mwDoDMA, chSanasamuke (nj ndi njira, mw ndi mwini uthenga, ch ndi chimene munthu anachita). Mukasaka liwu loti "wailesi" mupeza paliponse pamene munthu anangoitchula, ngakhale ponena kuti wailesi yake inapita ndi madzi. Mukasaka njWailesi mupeza malo okhawo amene inu munaikapo. Komanso tsiku limene mudzakopere zolembazo kupita ku Word kapena Excel, makodi olembedwa ngati mawu adzapita nawo.

Angozo: Ndionjezepo pa nkhani ya nthawi, chifukwa pa kafukufuku wa ngozi zogwa mwadzidzidzi apa ndi pamene ambiri timaphonya. Freddy sanabwere tsiku limodzi. Anayambira kutali kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February, anagunda Madagascar pa 21 February, nalowa ku Mozambique pa 24 February, kenako anabwerera kunyanja. Anadzalowanso pa 11 March cha ku Quelimane, ndipo apa ndi pamene mvula inatikhuthukira kum'mwera kuno. Pulezidenti wa nthawiyo, a Chakwera, analengeza kuti kwagwa ngozi pa 13 March. Tsono munthu akati "ndinamva kuti kukubwera namondwe", mufunse kuti ndi chenjezo liti. Amene anamva mu February n'kuona kuti kwawo sikunachitike kanthu, analandira chenjezo la March ndi makutu ena.

Choncho uthenga uliwonse ukhale ndi nthawi ziwiri: tsiku limene unatuluka ndi tsiku limene munthuyo anaumva. Loyambalo mulipeza pa chikalata kapena pa Facebook. Lachiwiri ndi lovuta, chifukwa kumudzi sanena kuti pa 12 March. Amati "Lamlungu titaweruka ku tchalitchi", kapena "tsiku limene ana anauzidwa kuti asapite kusukulu". Tsegulani tsamba limodzi la kalendala, kuyambira pa 6 mpaka pa 20 March, ndipo pa tsiku lililonse lembani zizindikiro zimene anthu akutchula: magetsi kuzima, netiweki kusowa, mlatho kuduka. Pa 12 March linali Lamlungu, muyambire pamenepo. Pomwe simukutha kutsimikiza tsiku, ikani kodi ya gawo la nthawi lokha: ntMvulaIsanayambe, ntMvulaIliMkati, ntKumsasa. Osakakamiza tsiku limene munthu sananene.

Nachisale: Zimenezi zandigwira mtima, Angozo. Mayi wina ku Phalombe anandiuza kuti foni yake inazima magetsi atathima, ndipo mauthenga onse a WhatsApp anawaona atafika kale kumsasa. Ine ndinangoika "WhatsApp" ngati kuti anachenjezedwa.

Angozo: Ndiye mukanawerenga WhatsApp ngati njira imene inafikira anthu ambiri, chonsecho inawafikira madzi atadutsa.

aMbewe: Ine changa ndi kodi ija yoti "sanasamuke". Ndinagwirapo ntchito ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi (VCPC) ku Shire Valley, ndipo kodi imeneyo payokha imawanamizira anthu. Wina sanasamuke chifukwa sanakhulupirire. Wina anakhulupirira koma uthenga unangoti pitani kumtunda osanena kuti kuti, iye n'kukhala kale m'mbali mwa phiri, poganiza kuti kumtunda ndi komweko. Kumbukirani kuti ku Chilobwe, pansi pa phiri la Soche, chimene chinapha anthu ambiri ndi matope ndi miyala yochokera kumtunda usiku, osati mtsinje wosefukira monga tinazolowera ku Nsanje ndi Chikwawa. Wina anali ndi gogo wosayenda. Wina ankaopa akuba, mbuzi ndi chimanga zili m'nyumba. Mukawaika onsewa pa kodi imodzi, owerenga adzangoti anthu akumudzi ndi osamva. Igaweni: chSanakhulupirire, chSanadziweKopita, chAnalepheraKuyenda, chAnkalonderaKatundu.

Pa banja la zimene uthenga unanena, onaninso ngati unauza munthu chochita kapena unangofotokoza za mphepo ndi mamilimita a mvula. Akatswiri a bungwe la zaumoyo la CDC ku America, pa ndondomeko yawo ya CERC yofalitsira uthenga pa nthawi ya ngozi, amaika kulimbikitsa anthu kuchitapo kanthu ngati imodzi mwa mfundo zisanu ndi imodzi. Mukhoza kubwerekako makodi oyambira, koma musiye malo a zimene zikutuluka m'kamwa mwa anthu. Ku Phalombe achikulire sangakambe za Freddy osatchula napolo wa 1991, ndipo zimenezo ndondomeko ya kunja singakupatseni.

Nachisale: Zoona, akumutchula kwambiri. Ndinalibe poika.

Nabanda: Mupatseni kodi yake. Ndipo tsegulani tsamba la tanthauzo la makodi: dzina la kodi, imatanthauza chiyani, imaikidwa pati, siikidwa pati, ndi chitsanzo chimodzi chochokera m'macheza anu. Mukasintha tanthauzo lembani tsiku, kuti mudziwe masamba oti mubwerereko. Kasanjidwe kake, ine ndimachita chonchi: gawo limodzi la zinthu zosakhudzidwa monga zinabwerera, gawo lina la zimene mukuikamo makodi, lachitatu la maganizo anu. Gwero lililonse likhale pa tsamba lakelake, ndi nambala monga PH-MACH-04, ndipo pamwamba palembedwe boma, chilankhulo, tsiku la macheza ndi mtundu wa munthu. Makodi muziika pa mawu a Chichewa kapena Chilomwe momwe anayankhulira, kumasulira kudzabwera pa ndime zokhazo zimene zikulowa mu thesis.

aJere: Chabwino, ndagonja pa NVivo. Koma ma screenshot samalani nawo. OneNote imayesa kuwerenga mawu a pa chithunzi, koma musaidalire pa Chichewa, lembani pansi pake pamanja. Uthenga umodzi wotumizidwa m'magulu asanu ndi uthenga umodzi, upatseni nambala imodzi n'kulemba malo amene unaoneka. Chachikulu, dulani manambala a foni ndi mayina musanaziike, chifukwa notebuku yanu imakwera pa OneDrive. Mndandanda wolumikiza mayina enieni ndi manambala a magwero aja ukhale kwina, pa fayilo yokiya, osati m'notebuku momwemo. Anthu aja anataya abale, ndipo ena anadandaula za atsogoleri a m'mudzi mwawo momwe. Onaninso zimene munalonjeza a komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku pa kasungidwe ka zinthuzi.

Nachisale: Nanga kuwerengera? OneNote imangondionetsa masamba, sindiona kuti njMfumu yakumana kangati ndi chSanadziweKopita.

Angozo: Pamenepo ndi pa Excel. Mzere umodzi pa ndime iliyonse: nambala ya gwero, mwini uthenga, njira, zonenedwa, nthawi, zochita. Pivot table, chida cha Excel chowerengera kangati makodi akumana, ikupatsani yankho la asupavaiza. Musanayambe ntchito yonseyo, mupatse mnzanu macheza atatu kapena anayi ndi tsamba la makodi, aike yekha osaona zanu, kenako mufananize. Ngati a dipatimenti akufuna nambala, muwerengere kappa ya Cohen, muyeso wa momwe awirinu mwagwirizanirana, pa banja lililonse palokha.

Nachisale: Ndiyamba ndi macheza a ku Phalombe sabata ino. Nabanda, mungakhale mnzanga woika makodi wachiwiriyo?

Nabanda: Tumizani Lachisanu, mayina mutachotsa. Muyambe ndi banja la njira, chifukwa ndikudziwa kale kuti tikangana pa amfumu ndi anyamata a zokuzira mawu a Red Cross.