Ndingawasunge bwanji amayi pa ntchito ya makompyuta kuno ku Nchalo?

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi kamalo kolemberapo makalata ndi kukonza zithunzi pa kompyuta ku Nchalo, m'boma la Chikwawa. Atsikana amene ndimawaphunzitsa amagwira msanga, moti makadi a ukwati amene amakonza amakondedwa kuposa anga, koma sakhalitsa. Mayi amene ndinkamudalira kwambiri anasiya atabereka, chifukwa chipinda chathu cha malata chimatentha koopsa mu Okutobala, khanda silingakhalemo, ndipo kunyumba kunalibe womulerera. Mtsikana wina makolo ake anamuitana kuti akathandize kumunda namondwe wa Freddy atakokolola mbewu mu Malichi 2023, ndipo sanabwererenso. Wachitatu anakwera mapiri a pa Thabwa kukafuna malipiro abwino ku Blantyre, ndipo ameneyo sindimuda.

Kodi alipo pakati panu amene anayesapo kubwereka laputopu mayi woyamwitsa kuti azigwirira ntchito kunyumba, nanga magetsi akathima ankatani? Ndikufunanso kudziwa ngati malipiro apamwezi amawasunga bwino kuposa kuwalipira pa ntchito iliyonse, komanso mmene munalankhulira ndi amuna awo amene amadandaula akazi awo akaweruka mochedwa m'nyengo ya maukwati.