Kodi n'zoona kuti kolesterolo wotsika ankaphetsa odwala Covid-19?

Nachisale wa ku Chinamwali walemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za chipatala, chifukwa nkhani iyi yatigawa pakhomo pathu. Bambo anga ali ndi zaka 68, ndipo kuyambira 2017 ankamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi pamodzi ndi atorvastatin, amene adokotala anawalembera atapeza kuti kolesterolo, mafuta aja amene amaundana m'mitsempha, wachuluka m'magazi mwawo. Mu Januwale 2021, masiku amene nyumba ya boma ya kuno ku Zomba inkasandutsidwa chipatala cha odwala Covid-19, iwonso anadwala kwambiri mpaka anagonekedwa akupumira okosijeni. Magazi amene anawayeza ali chigonere anaonetsa kolesterolo wa 2.8, chikhalirecho miyezi ingapo m'mbuyomo anali pa 4.9. Atachira, bambo anapinda pepala lija n'kulimata m'buku lawo la kuchipatala, ndipo aliyense wobwera kudzawazonda ankamuonetsa n'kumuuza kuti matenda aja anawotcha mafuta onse. Mankhwala a kolesterolo anawasiyira pomwepo.

Mwezi wathawu tawayezetsanso ndipo nambala yafika pa 7.2. Adokotala akuti ayambirenso kumwa, koma amalume, amene ndi mphunzitsi wopuma pantchito ndipo mawu awo salowa m'khutu limodzi n'kutulukira linalo kwa bambo, akuti anawerenga kuti odwala Covid-19 amene anali ndi kolesterolo wotsika ndiwo ankamwalira kwambiri. Iwo akuti kutsitsa mafutawa n'kuchotsa chishango cha thupi. Kodi zimene anawerengazo n'zoona? Ngati n'zoona, ndiwayankhe bwanji?

Wa mu Labotale walemba:

Mayi Nachisale, amalume anu anawerenga zoona, koma anazigwira kumchira. Kuyambira 2020, madokotala a ku Wuhan, ku China, ndi a m'mayiko ena anaona kuti odwala Covid-19 akamafika m'chipatala, kolesterolo wawo amakhala atatsika, ndipo amene anali atatsika kwambiri ndiwonso amene ankafika popumira makina kapena kumwalira. Izi zinaoneka pa mitundu yonse iwiri ya kolesterolo imene timayeza: LDL, amene anthu amamutcha woipa chifukwa ndiye amamatirira m'makoma a mitsempha, ndi HDL, amene amatola mafuta m'mitsempha n'kuwabwezera kuchiwindi. Funso lofunika ndi lakuti chinayamba n'chiyani, kutsikako kapena matendawo.

Kolesterolo wambiri wa m'thupi sachokera m'mbale, amapangidwa ndi chiwindi. Munthu akagwidwa ndi matenda aakulu, chitetezo cha m'thupi chimatulutsa timadzi tina totumiza uthenga, monga interleukin-6, ndipo chiwindi chikalandira uthengawo chimasintha ntchito: chimachepetsa kupanga mapuloteni onyamula kolesterolo n'kuchulukitsa ena olimbana ndi matenda, monga CRP amene timayeza pofuna kudziwa kukula kwa kutupa kwa m'thupi. Onjezani kuti wodwalayo sakudya, mwina wangomwa phala supuni zitatu tsiku lonse. Choncho matenda akakula, nambala ya kolesterolo imagwa, ndipo akakulirakulira imagweratu. Nambala yotsikayo ili ngati utsi umene ukuonetsa kukula kwa moto, koma si utsiwo umene wayatsa nyumba.

Izi sizinayambe ndi Covid-19. Ife oyeza magazi timaziona mwa odwala malungo aakulu, chifuwa chachikulu cha TB, ndiponso mwa amene HIV yawafooketsa asanayambe ma ARV. N'chifukwa chake nambala yoyezedwa munthu ali pabedi la chipatala sitiikhulupirira pofuna kudziwa mmene mafuta ake alili masiku onse, ndipo timalangiza kuti ayezedwenso pakapita miyezi iwiri kapena itatu atachira. Ya bambo anu ya 2.8 inkanena za matenda a sabata imeneyo. Ya 7.2 ndiyo ikunena za thupi lawo, poti kwa munthu wamkulu timafuna kuti kolesterolo yense asapitirire 5, ndipo LDL akhale pansi pa 3.

Mphunzitsi wa ku Domasi walemba:

Ndikugwirizana ndi kufotokozaku, komabe amalumewo musawaweruze msanga. Ine ndinamva kuti HDL ali ndi ntchito yeniyeni polimbana ndi matenda, ndiponso kuti kachilombo ka korona kamadalira kolesterolo kuti kalowe m'maselo. Ngati zili choncho, ndiye kuti mafutawa sangokhala utsi chabe, ali ndi mbali yawo pa motowo. Tithandizeni kumvetsa, chifukwa mfundo ziwirizi zikuoneka ngati zikukokera kosiyana.

Wa mu Labotale walemba:

Aphunzitsi, mwafunsa bwino, ndipo ndivomere kuti fanizo langa la utsi linafupikitsa nkhani. N'zoona kuti HDL amagwira poizoni wina wa mabakiteriya ndiponso amathandiza kuziziritsa kutupa, kotero akatsika kwambiri wodwala amataya kathandizo kena. N'zoonanso kuti kachilomboka kamalowa pogwira puloteni yotchedwa ACE2, imene ili pakhungu la selo, ndipo khungulo lili ndi kolesterolo. Koma kolesterolo wa pakhungu la selo si amene timamuwerenga papepala la zotsatira. Komanso atorvastatin amatsitsa LDL, HDL samutsitsa. Chishango chimene amalume akuopa kuti chichotsedwa, mankhwalawo sachikhudza n'komwe.

Namwino Wopuma wa ku Matawale walemba:

Ine ndilankhule za mankhwalawo, poti ndi pamene pagona nkhani ya bambo athuwa. M'chaka choyamba cha mliri, ofufuza ambiri anawerenga mabuku a zipatala n'kupeza kuti odwala amene ankamwa kale mankhwala a gulu la statin, lomwe muli atorvastatin ndi simvastatin, sankamwalira kuposa anzawo, ndipo malipoti ambiri ankaonetsa kuti ankapulumuka mochulukirapo. Anthu ena anathamangira kunena kuti mankhwalawa amachiza Covid-19. Atayesa mwadongosolo, pogawa odwala mwamaere kuti ena alandire ena asalandire, nkhani inazizira. Kafukufuku wa INSPIRATION-S wa ku Iran, amene ankapereka atorvastatin kwa odwala mwakayakaya, sanapeze phindu looneka, ndipo wa REMAP-CAP, amene anayesa simvastatin ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anaonetsa kachiyembekezo koma sanafike pa mlingo umene ofufuzawo anadziikira. Ine ndimamva motere: statin si mankhwala a Covid-19, koma palibe umboni woti amaika womwa pachiswe akadwala matendawa. Mankhwala amene anatsimikizika kuti amapulumutsa opumira okosijeni ndi dexamethasone, monga anaonetsera kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain mu Juni 2020.

Chimene amalume akuiwala ndi ichi. Amene Covid-19 inkawagwetsa kwambiri anali okalamba ndi amene anali kale ndi matenda a mtima, shuga, kuthamanga kwa magazi kapena kunenepa kwambiri. LDL wokwera kwa zaka zambiri ndiye amakonza njira ya matenda a mtima ndi sitiroko, ndipo Covid-19 imaundanitsa magazi, choncho ikapeza mitsempha yopapatiza kale, ntchito yake imaphweka. Bambo a zaka 68 amene BP yawo ndi yokwera, akakhala pa 7.2 kwa zaka zinanso, ngozi yawo yaikulu si chimfine cha mawa koma m'mawa wina kudzuka mkono ndi mwendo zitafa. Ndasamalira anthu otere ambiri, ndipo wovutika kwambiri amakhala mwana wamkazi amene amawatembenuza pamphasa usiku.

Ndichenjezepo chinthu chimodzi chimene chimatikhudza kuno kwathu. Mankhwala a ritonavir, amene ali m'ma ARV ena a gulu lachiwiri komanso mu Paxlovid wa Covid-19, amachititsa kuti simvastatin achuluke m'magazi mpaka kuwononga minofu, ndipo ngakhale atorvastatin amafunika kuchepetsedwa mlingo. Aliyense womwa mankhwala angapo azitenga mabotolo onse popita kwa adokotala, osati kungotchula kuti "toyera tija ta usiku".

Nachisale wa ku Chinamwali walemba:

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo madzulo ndinawawerengera bambo mayankho anu amalume ali pomwepo. Amalume anangoti nkhani ya utsi ndi moto aiganizira, koma bambo afunsa ngati sangathe kungosintha zakudya osamwa mapilitsi, poti akuti kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya angazisiye lero lomwe. Afunsanso ngati matenda aja ndiwo anakweza nambalayi kuposa kale.

Namwino Wopuma wa ku Matawale walemba:

Mwanangu, funso lachiwirilo lili ndi maziko, chifukwa kafukufuku wamkulu wa asilikali opuma a ku America anapeza kuti amene anadwalapo Covid-19 ankapezeka ndi mafuta osokonekera m'magazi kuposa anzawo m'chaka chotsatira. Koma kwa bambo anu chifukwa chapafupi chilipo kale: anasiya mankhwala, ndipo chiwindi chinabwerera pa ntchito yake yakale.

Zakudya asinthe ndithu. Asiye nyama yonona, chikopa cha nkhuku ndi mafuta a pachiwaya amene akazingiramo kambirimbiri mpaka kuda, ndipo adye nyemba, nandolo, masamba otendera, mapeyala, usipa ndi matemba a ku Chilwa, mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Kuyenda ndawala theka la ola masiku ambiri pa sabata kumathandiza HDL, ndipo ngati amasuta, fodya ndiye woyamba kutayidwa. Komabe zakudya zokha nthawi zambiri zimatsitsa LDL pang'ono, pamene atorvastatin amatha kumutsitsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mwinanso kufika theka, malinga ndi mlingo wake. Kuchoka pa 7.2 ndi ndiwo zokha ndi ulendo umene sindinauonepo ukutheka kwa munthu wa msinkhu wawo.

Mukapita kwa adokotala, pemphani kuti pepala lionetse LDL ndi HDL payekhapayekha, ayezenso shuga, ndipo mubwerere pakatha miyezi itatu atayambiranso kumwa. Amalumewo muwatenge, nawonso akabayidwe pa mkono tione nambala yawo.